Nsenga za Mowa wa Agogo

Kwathu ku Ntcheu mowa umatakasidwa. Mbiya ikakhala kanthawi, umalowetsa chipanda mpaka pansi n'kuvundula kuti masese akwere, aliyense amweko thupi la mowawo. Wotungira alendo pamwamba pokha timati ndi womana. Ndinakula ndikudziwa zimenezi ngakhale mowa sunadutsepo pakhosi panga, chifukwa achemwali anga aakulu ndiwo ankafulula masese omveka dera lathu lonse. Ndiye mutha kuona mmene ndinadabwira nditafika ku Joni, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, n'kupeza munthu wamkulu ndi ndevu zake akuyenda monyang'ama pafupi ndi mowa ngati pagona khanda.

Ndinatsatira amuna anga, omwe ankagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Queenswood. Mwini nyumbayo anali mzungu wachikulire wa Chibunu, wopuma ntchito ya njanji, ndipo akazi awo anali atamwalira kalekale. Pamaso pawo tinkati Obasi, monga ankatchulira antchito onse a mumsewumo, koma m'kachipinda kathu ka kuseri tinkangoti agogo. Ine anandilemba ntchito ya m'nyumba. Ndisakunamizeni, anali nkhalamba yovuta. Supuni ikasowa, mlandu. Galu akalowa ndi matope, mlandu, ngati ndine ndamuveka matopewo. Miyezi yoyamba ndinkawatukwana chamumtima m'Chichewa uku ndikumwetulira.

Koma akalowa m'galaja mwawo ankasanduka munthu wina. Galimoto inkagona panja pamvula, chifukwa m'galajamo munali mwa mowa: mapoto akuluakulu, mapaipi, thebulo lalitali, filiji yakale yochotsedwa mashelefu, ndi timigolo tachitsulo tomwe ankati makegi. Mowa wawo sunali wa chimanga ngati wathu. Ankagula chimera cha balere, n'kuwiritsa madzi ake pamodzi ndi timasamba towawa tonunkhira, kenako n'kuthira m'chibotolo chagalasi chachikulu ngati mtsuko wotungira madzi. Akaikamo yisiti, unkawira masiku angapo. Ukasiya kuwira ankaulowetsa m'filiji kuti uzizire kwambiri, ndipo kuzizirako n'kumene kunkagwetsa nsenga. Tsiku ndi tsiku unkaona mowa ukuyera kuyambira pamwamba, pansi pakusanjikana phala loyererako. Kwa ife phala limenelo ndiye mowa weniweni. Kwa agogo linali mdani.

Ntchito yonse inagona pochotsa chibotolocho m'filiji kupita nacho pathebulo, kamtunda koti ngakhale nkhuku singatope. Pathebulopo mpomwe ankakokera mowa ndi kapaipi kuti utsikire m'kegi yomwe inkakhala pansi. Ukangogwedeza ponyamula, nsenga zinkadzuka ngati utsi, masiku onse odikira aja n'kupita pachabe. Choncho chibotolo chinkakhala m'kreti ya mkaka kuti chigwirike bwino. Akachifikitsa pathebulo ankachifunditsa thaulo yonyowa kuti chisatenthe, n'kupita kukamwa khofi, kupatsa mpata tinsenga tomwe tadzuka kuti tibwerere pansi. Pokoka ankapendeketsa chibotolo ndi kathabwa pang'onopang'ono, kapaipi kali m'mwamba osakhudza phala lija. Akangoona kamtambo kakulowa m'paipi, ankatsina pomwepo. Wotsala pansi, wokwana kukhutitsa amuna awiri kwathu, ankakauthira patsinde pa mtengo wa mandimu. Mtengo umenewo unkabereka mochititsa nsanje aneba.

Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Obasi, bwanji mukutaya wambiri chonchi?"

"Wofuna kumaliza botolo amamwa matope," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Atatunga wa m'kegi patapita masiku, anandiitana kuti ndione. Anakweza tambula pawindo. Mowa unali ngwee, ngati tiyi wopanda mkaka, mpaka ndinkaona mpanda wa kuseri kudzera m'tambulayo. Nkhope yawo inali ngati ya mlimi amene waima pankhokwe yodzaza. Kuyambira tsiku limenelo ndinachepetsako kuwatukwana.

Manja anayamba kuwavuta patapita zaka zingapo. Choyamba kumveka chinali kapu ya khofi, ikulira pasosala ngati belu la njinga. Kenako ankatuluka kosamba atadzicheka pometa. Adokotala anawapatsa mapiritsi, koma kunjenjemerako kunkangoonjezeka. M'mawa wina ndinawapeza ataima kutsogolo kwa filiji yotsegula, manja ali pakreti, osanyamula. Anaima choncho nthawi yaitali. Kenako anatuluka n'kuitana amuna anga kumaluwa.

Amuna anga ndi a kwaya ku tchalitchi, ndipo mowa samwa. Koma anati, "Ine ndingonyamula, tchimo lili kwa womwa." Anavula majombo, kusamba m'manja, n'kukumbatira kreti ija pachifuwa. Anayenda mawondo atapinda pang'ono, mapazi osanyamuka pasimenti, akungowakhwekhwereza. Agogo anali kutsogolo akuyenda chafutambuyo, akunong'ona kuti "Stadig, stadig," mawu awo otanthauza pang'onopang'ono. Atatsitsa pathebulo, mowa sunachite ngakhale kafunde. Madzulo ake ndinawauza kuti, "Abambo inu, ine simunandinyamulepo mwaulemu chonchija." Anati ine nsenga zanga zinadzuka kale ndili mwana, palibe chosamalira.

Agogo anali ndi mwana wamwamuna yemwe ankakhala ku Menlo Park. Ife tinkamuti bwana wamng'ono. Sanali munthu woipa, ndinene zoona. Anaona chilonda chomwe bambo ake anapsa ndi ketulo, ndipo anachita mantha monga angachitire mwana aliyense. Iye ankafuna kuti agogo agulitse nyumba akakhale kosungira okalamba, kumene anamwino amakhala pafupi. Agogo sankafuna kumva. M'nyumba imeneyo ndimo analeleramo ana, ndipo mitengo yonse ya pabwalo anabzala ndi akazi awo. Nkhaniyi inkabuka Lamlungu lililonse pachakudya, ine ndikuchotsa mbale. Tsiku lina agogo anamenya thebulo.

"Tsiku limene udzaone mowa wanga uli ndi matope, udzabwere ndi galimoto. Sindidzakana."

Mwina anangonena ndi mkwiyo, koma mwanayo anawagwira mawu. Akabwera ankatenga tambula n'kuikweza pawindo, ndipo tonse tinkadziwa kuti sakuyang'ana mowa, akuyang'ana bambo ake. Anasiyanso malamulo awiri. Loyamba, bambo ake asadzanyamulenso chibotolo chagalasi chija, kuopa kuti chingawaswekere m'manja. Lachiwiri, m'chipinda cha kuseri musagone munthu wina kupatula ife awiri, ndipo akadzapezamo wina adzaitana apolisi.

Lamulo lachiwirilo tinaliphwanya njala yaikulu ija itangotha kumudzi. Alamu anga, amuna a achemwali ofulula aja, anamwalira, chimanga chofululira chinasowa, ndipo achemwali anasiya ana kwa amayi n'kukwera basi kubwera kuno kudzafuna ntchito. Masiku a m'pasipoti mwawo anatha ntchito isanapezeke. Tinkawabisa, koma munthu ngati achemwali anga sabisika. Mawu awo amamveka kutsidya kwa mtsinje, ndipo manja awo sadziwa kukhala pamiyendo. Agogo anaona zitenje zachilendo pachingwe choyanikira. Anandiitana n'kunena kuti, "Ine sindinaone kanthu. Koma amene sindinamuoneyo asamatuluke mwana wanga akabwera."

Achemwali ankachita manyazi kudya osagwira ntchito. Ankasesa paliponse pomwe pali pansi, ndi tsache lalifupi lomwe anamanga okha ndi masamba a kanjedza wa pageti, chifukwa la mpini wautali ankati ndi la alesi. Za mowa wa agogo ndinawafotokozera kuti ulipo, ndipo anangoti, "Mzungu angafulule chiyani?" Nkhani inathera pomwepo, tinayamba zina.

Inali nyengo imene mitengo ya jakaranda imavala maluwa ake, misewu yonse ili bii ndi zoyoyoka. Agogo ankakonzekera phwando la tsiku lawo lobadwa, ndipo achibale onse ankabwera kudzaotcha nyama Lamlungu. Mowa wa phwandolo unali utagona m'filiji, utayera kuposa wina uliwonse umene ndinauonapo. Loweruka m'mawa amuna anga anaunyamula monga mwa masiku onse, kuuika pathebulo, kuufunditsa thaulo. Posakhalitsa bwana wamng'ono anafika ndi galimoto n'kuwatenga onse awiri, agogo ndi amuna anga, kukagula nyama ndi makala. Anati akabwerako ndiye athire m'kegi.

Ine ndinali kusita m'khitchini pamene achemwali analowa akupukuta thukuta, nkhope ili yowala.

"Iwe, mowa wa agogo aja ndawakonzera."

"Mwawakonzera bwanji, achemwali?"

"Unali utagoneratu. Madzi okhaokha pamwamba, zokoma zonse zili pansi. Akanachita nawo manyazi mawa pamaso pa alendo. Chibotolo chake n'cholemera, koma ndachikhazika pamiyendo n'kuchikhutchumula bwinobwino."

"Eish, achemwali! Mwatipha!"

Ndinasiya simbi pamalaya n'kuthamangira ku galaja. Ndinavundukula thaulo. Mowa unali mbuu kuchokera pansi mpaka pakhosi pa botolo, ngati madzi a pachithaphwi ng'ombe zitadutsa. Achemwali sachita ntchito mwatheka. Safunsa anadya phula, koma iwo akanafunsiranji? Pa nkhani ya mowa, kwathu anthu ndi amene ankafunsa iwo.

Ndisanaganize chochita, geti inalira. Ndinabwezera thaulo, kukankhira achemwali kuchipinda, n'kuima pakhomo pa galaja ngati chitsiru. Bwana wamng'ono anatsika akuseka, nati akufuna aone mowa wotchukawo. Anavundukula yekha. Kuseka kuja kunathera pomwepo.

Anatembenukira kwa amuna anga. "Wachigwetsa?"

Amuna anga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi, ndipo anamvetsa. Agogo nawo anayang'ana mowa wawo nthawi yaitali. Kenako maso awo anatsikira pamwendo wa thebulo, pomwe panatsamira katsache kakafupi ka masamba a kanjedza. Ndinaona khosi lawo likufiira monga linkachitira supuni ikasowa, ndipo ndinati basi, achemwali agona kupolisi lero. Amuna anga anatsegula pakamwa, ndipo ndikudziwa kuti ankafuna kuvomera mlandu wosakhala wawo. Agogo anawatsogolera.

"Musiye. Ndine."

"Pa?" anatero mwanayo, monga ankaitanira bambo ake.

"M'mawa, uyu asanabwere, ndinati ndinyamule ndekha. Chinanditerereka, ndinachiombetsa pathebulo. Ndinafunditsa thaulo kuti mwina chidikha."

"Obasi," anatero amuna anga.

"Iwe, katsitse makala m'galimoto."

Atatero anakweza manja awo onse awiri pamaso pa mwana wawo, manja amene masiku onse ankawabisa m'matumba mwanayo akabwera. Anawasiya anjenjemere poyera. "Ndi awa," anatero. Uku akulankhula anasendera pang'ono n'kuima kutsogolo kwa katsache kaja.

Bwana wamng'ono anakhala pansi pakreti yopanda kanthu, atagwira mutu. Sanakalipe. Anati, "Pa, chikanasweka, mukanadzicheka muli nokha muno." Patapita kanthawi anaonjezera chapansipansi kuti, "Munanena nokha, Pa."

"Ndinanena," anayankha agogo.

Mwanayo atapita, achemwali anatuluka. Anali atamva zonse kwa ine, ndipo analowa m'khitchini akulira n'kugwada pansi, chinthu chomwe sindinawaonepo akuchitira munthu kupatula apongozi awo. Chingerezi sankadziwa, choncho ine ndinali pakati kumasulira. Anati ndiwauze agogo kuti apita okha ku Menlo Park kukanena zoona, apolisi akawatenga awatenge. Agogo anafunsa kaye chifukwa chimene anagwedezera mowa. Achemwali anafotokoza za mbiya ndi chipanda, za munthu womana amene amatunga pamwamba, ndi kuti mowa wopanda masese ndi madzi otsukira mbale. Mawu omalizawo ndinafuna kuwameza, koma agogo anati ndimasulire onse. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili m'maso.

"Muuze kuti pa mowa wake sanalakwe," anatero. "Ndipo umufunse, kumudzi wasiya ana angati?"

Achemwali anawerenga pa zala.

"Ine kumene ndikupita kuli bedi, kuli chakudya, kuli namwino. Iye akamukweza galimoto ya apolisi, ana amenewo adya chiyani? Manjawa akunjenjemeradi, pamenepo sindinaname. Kukanakhala chaka chino kapena cha mawa. Wina akakanena kwa mwana wanga, ndimuchotsa ntchito ine ndemwe."

Ndinamasulira mawuwo. Ndinakwiya nawo, ndinawakonda, zonse nthawi imodzi. Munthu woti amatha kukusowetsa mtendere tsiku lonse chifukwa cha supuni anali atapereka nyumba yake chifukwa cha mayi amene dzina lake sankatha n'kulitchula komwe. Atatha kulankhula anandikalipira chifukwa cha malaya omwe ndinawotcha ndi simbi, ndipo ndinawalola.

Phwando linachitika ndi mowa wogula m'sitolo. Agogo anakhala pampando wawo pakhonde akulandira moni, ndipo palibe anafunsa za makegi, kusonyeza kuti nkhani inali itawafika onse. Chibotolo chija amuna anga anachibwezera m'filiji. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo patapita sabata ndi masiku angapo nsenga zinabwerera pansi, mowa unayeranso ngwee ngati palibe chinachitika. Amuna anga anati tiitane bwana wamng'ono adzaone. Agogo anakana. Anati mawu anapereka kale, ndipo munthu amene wafunsa funso limodzi amafunsanso lachiwiri.

Tinathira m'kegi tili anayi. Amuna anga anavula majombo n'kunyamula, agogo akuyenda chafutambuyo ndi "stadig" wawo. Itafika nthawi yogwira kapaipi, ntchito imene manja awo sankaithanso, agogo anapatsa achemwali. Ndinachita mantha. Koma manja amene anakhala zaka akusefa masese anagwira kapaipiko osasuntha ngakhale pang'ono, maso ali pa phala lija ngati mphaka pa una wa mbewa. Kamtambo katangoyamba kulowa, anatsina okha asanauzidwe. Pokataya wotsalawo pamandimu ndi pomwe anatembenukira kumbali, akuti sangaonerere tchimo lotere. Mowawo utapsa agogo anawatungira theka la tambula. Analawa, kukwinya nkhope, nati, "Ukuwawa ngati mankhwala a malungo, ndipo sungakhutitse munthu. Koma uwauze kuti ndi wokongola."

Malo kosungira okalamba anapezeka Khirisimasi isanafike. Masabata otsalawo agogo anawathera patelefoni. Anapezera achemwali ntchito kwa mayi wina wa kutchalitchi kwawo ku Hatfield, ndipo ife anatilankhulira kwa aneba a mumsewu womwewo. Mapoto ndi makegi anapatsa mnzawo wina wofulula. M'galajamo munatsala filiji yokha, yotsegula, ndi kathabwa kopendeketsera kaja.

Tsiku lonyamuka achemwali anabwera kuchokera ku Hatfield ngati mlendo wamba, atavala chitenje chatsopano. Anali ataphika thobwa ndi chimera cha mawere chomwe anachokera nacho kumudzi, n'kuthira m'botolo lapulasitiki. Poti anayenda nalo mosamala m'chikwama, linali litadikha, madzi pamwamba, phala pansi. Agogo anali atakhala kale m'galimoto, mwana wawo akulongedza masutikesi kumbuyo. Achemwali anawapatsira pawindo ndi manja awiri.

Agogo ataona nsenga pansi pa botolo, chizolowezi chinawagwira. Analikumbatira pachifuwa, akuyesetsa kuti lisagwedezeke. Koma manja anakana. Botolo linanjenjemera, phala linadzuka, thobwa lonse n'kusanduka mbuu. Ndinaona nkhope yawo ikugwa, ndipo anayang'ana kumbali kuti tisawaone.

"Iwe, uwauze msanga," anatero achemwali akundikodola. "Limeneli ndiye limafuna choncho. Asalisiye, apitirize."

Ndinamasulira. Agogo anayang'ana botolo, kuyang'ana manja awo, kenako achemwali.

"Ndiye kuti manjawa akadali ndi ntchito," anatero.

Amuna anga anawatsegulira chitsekero, ndipo anamwa pomwepo, thobwa likutsikira m'ndevu mpaka pamalaya amene ndinasita m'mawa womwewo. Bwana wamng'ono analowa n'kuliza galimoto. Ife atatu tinaima pageti. Mpaka galimoto inakhota pakona, tinkaonabe botolo lija pawindo, likugwedezeka.